Chiheberi cha pa Khonde

Chiheberi chili ponseponse mu Chipata, kungoti sitichizindikira. Mukayenda kuchokera ku Kapata kutsikira ku Down Shops mudzawerenga Shalom pakhoma la saluni, Ebenezer pa kagolosale, El Shaddai pagalasi lakumbuyo la minibasi, ndipo mwa anyamata onyamula anthu pa njinga simulephera kupeza mmodzi amene walemba Immanuel pa kampando ka wokwera. Lamlungu m'mawa mipingo yonse ya m'tauni muno, Akatolika, a Reformed, a Pentekoste, imafuula Aleluya ndi Amen, mawu amene Ayuda ankayimba zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ana athu ndi a Daniel, a Naomi, a Joel. Koma mutalemba limodzi la maina amenewa m'zilembo zake zenizeni n'kulipachika pakhomo la tchalitchi, ambiri angayese ndi Chitchaina cha makontrakitala a misewu.

Chimene chinandilowetsa m'sukulu yopanda mphunzitsi imeneyi ndi chizolowezi chimene chafala pa maguwa athu masiku ano. Mlaliki amawerenga ndime, n'kutseka Buku Lopatulika, n'kunena kuti, "Abale ndi alongo, m'Chiheberi choyambirira mawu amenewa satanthauza zimene mwamvazi ayi." Akatero mpingo wonse umangoti zii, pakuti angamutsutse ndani? Gogo amene wawerenga Baibulo lake mpaka chikuto chinathothoka amabwerera kunyumba atauzidwa kuti chimene wanyamula m'kachikwama ndi chopereŵera. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma pantchito, ndipo mphunzitsi sakonda kumva munthu akunena yankho popanda kuonetsa njira imene walipezera. Ndinafuna kuona ndekha ngati zinali zoona.

Kudalira wina kuti atiuze zimene zili m'Chiheberi si kwa lero. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anafika pa Magwero mu 1899, tauni ino ikungoyamba kumene pa dzina lake lakale la Fort Jameson, ndipo Madzimoyo inatsatira mu 1903. Baibulo lathunthu la Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, pa ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch ku Nyasaland. Taganizani mmene nzeru zinagawikira pa tebulo lomasulira lija. Mzungu anali ndi Chiheberi ndi Chigiriki, Chinyanja chake chili chochita kuphunzira atakula. Aphunzitsi ndi alaliki akuda amene ankakhala naye anali ndi Chinyanja choyamwira, koma Chiheberi ankachimvera mwa iyeyo. Justo Mwale, mbusa woyamba wa kuno mu mpingo umenewu, anadzozedwa mu 1929, ndipo sukulu ya ubusa imene lero ili ndi dzina lake inayambira pa Madzimoyo pompa mu 1951 isanasamukire ku Lusaka. Lero wofuna kukhala m'kalasi ya Chiheberi ya sukuluyi ayenera kuyenda makilomita pafupifupi 570 a msewu wa Great East, akhale ndi fizi ndi mayitanidwe a ubusa. Ena tonsefe tatsala ndi buku, foni ndi khonde.

Buku langa ndinalipeza m'katoni ya abusa ena opuma, pakati pa nyimbo zakale ndi makalata a sinodi. Ndi galamala ya Jacob Weingreen, amene ankaphunzitsa ku Trinity College ku Dublin. Inatuluka koyamba mu 1939 n'kukonzedwanso mu 1959. Chikuto chinali chitadyedwa ndi njenjete, ndipo m'mphepete mwa masamba oyambirira munali zolemba za pensulo zothinana, zimene zinkachepa tsamba ndi tsamba mpaka kutheratu chapakati pa buku. Pondipatsa anaseka. "Tengani, Aphunzitsi. Chiheberi changa ine chinatsalira m'chipinda cha mayeso." Sindinawaweruze. Mbusa wa kumudzi amene ali ndi matchalitchi ang'onoang'ono omwazikana, maliro sabata iliyonse ndi njinga yamoto yovuta kulira, angaipeze kuti nthawi yokhala pansi ndi aneni a Chiheberi?

Zilembo si zovuta monga mmene zimaopsezera. Zilipo 22, zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zisanu mwa izo zimasintha maonekedwe zikakhala kothera kwa mawu. Chimene chimavutitsa ndi zija zofanana nkhope. Dalet ndi resh zimasiyana pa kangodya kamodzi: dalet ili ndi kachidendene kotulukira kumbuyo, resh ndi yokhota bwinobwino. He ndi het zimasiyana pa kampata kakang'ono kumtunda kwa mwendo wakumanzere. Pa kandulo kampata kameneka sikaoneka, ndiye amene maso anayamba kale kufuna magalasi aphunzire masana. Zilembo zonsezi ndi malembo opanda liwu. Malembo a liwu kale sankalembedwa. Timadontho ndi timizere timene tili pansi ndi pamwamba pa zilembo tinawonjezedwa pambuyo pake ndi alembi achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias m'mbali mwa nyanja ya Galileya, poopa kuti katchulidwe kangaiwalike. Mabaibulo a Chiheberi amene ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito, monga Biblia Hebraica Stuttgartensia, anatengedwa ku buku limodzi lolembedwa pamanja cha m'ma 1008, limene likusungidwa ku St Petersburg. Munthu ukamalondola timadonthoto ndi nsonga ya pensulo umakhala ukuwerenga ntchito ya anthu amene anafuna kusunga liwu pa pepala wailesi kulibe.

Vuto lenileni la mabuku amenewa si Chiheberi koma Chingerezi. Weingreen, Thomas Lambdin wa 1971, Page Kelley wa 1992, onsewa analembera mwana wa ku Britain kapena ku America, ndipo Weingreen amayesa kuti wowerenga wake anadutsako kale m'kalasi ya galamala yakale ija. Tsamba lililonse lili ndi mawu monga construct state, pronominal suffix, infinitive absolute. Umayamba wafufuza tanthauzo la Chingerezi chofotokozeracho, kenako n'kufika pa Chiheberi chimene chikufotokozedwa, kenako n'kubwerera nacho ku Chinyanja kuti mtima umve. Kuli ngati munthu wa ku Chipata wofuna kupita ku Lilongwe n'kukwera basi ya ku Lusaka. Zolemba za pensulo za abusa aja zinathera pamene ulendo woterewu umatopetsa aliyense.

Buku limaphunzitsanso diso lokha. Munthu ukhoza kudziwa zilembo zonse ndi timadontho tonse koma osadziwa kuti chiganizo chimamveka bwanji chikatuluka m'kamwa mwa munthu. Apa m'pamene foni inandithandiza. Pa intaneti pali mawu ojambulidwa a Abraham Shmuelof, wobadwira ku Jerusalem, amene anawerenga Chipangano Chakale chonse m'Chiheberi, chaputala ndi chaputala. Mdzukulu wanga anandiikira zonsezo pa memory card, kotero kuti sindifunanso bandulo kuti ndimvere. Shmuelof saphunzitsa, safotokoza kanthu, amangowerenga modekha, akupuma pamene Amasorete anaika zizindikiro zopumira. Ndimatsegula chaputala, chala pa mzere, n'kumamutsatira. Poyamba amandisiya pa liwu lachitatu. Ndimabweza, andisiyenso, ndibwezenso, mpaka chala ndi khutu zifike limodzi kothera kwa ndime.

Khutu limaulula zinthu zimene buku silingadziwe za ife. Malembo a liwu savuta, chifukwa katchulidwe kamene kamaphunzitsidwa kwambiri lero kali ndi a, e, i, o, u monga kwathu, ndipo pamenepa Mngerezi ndiye amavutika. Koma ife liwu lililonse timalitsekera ndi lembo la liwu. N'chifukwa chake tili ndi Abrahamu, Davide ndi Yerusalemu. Chiheberi chimakonda kuthera pa lembo lopanda liwu, ndipo lilime la Mnyanja limafuna kuwonjezapo ka u kapena ka i mwakachetechete. Umazindikira pokhapokha ukamva mnzako wa mu foni uja atatseka pakamwa iwe ukadali ndi kamchira. Palinso l ndi r. Kwa ife ndi liwu limodzi losinthasintha malinga ndi malo ake, moti kaya munthu alembe Chingerezi kaya Chingelezi palibe amene amasochera. M'Chiheberi lamed ndi resh ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo kuzisokoneza ndiko kutchula mawu ena. Palibe galamala yolembedwa ku Dublin imene ingakuchenjezeni za zimenezi.

Kenako pali maliwu a kukhosi, het ndi ayin. Tsiku lina ndikuyeserera pakhonde mayi a kunyumba anatuluka ndi kapu m'manja. "Bambo, mwatsamwa? Imwani madzi." Amene anandithandiza ndi aneba anga, atelala achisilamu, amene anaphunzira Chiarabu ku madrasa ali mwana. Chipata ili ndi Asilamu ambiri ndi mizikiti yooneka patali, ndipo ife Akhristu timaiwala kuti m'tauni momwe muno ana aang'ono amawerenga tsiku ndi tsiku chinenero cha banja limodzi ndi Chiheberi, cholembedwa kuchokera kumanja, chokhala ndi maliwu omwewo a kukhosi. Anandimvetsera, napukusa mutu, nagwira pakhosi pawo. "Aneba, musakankhe ndi chifuwa. Finyani apa, pang'ono chabe, mpweya udutse wokha." Atamva kuti ndikuphunzira ndekha anadabwa kwambiri. Kwa iwo chinenero cha buku loyera sachiphunzira munthu ali yekha. Mwana amakhala pansi pamaso pa mwalimu, anzake ali m'mbali, n'kumabwereza mokweza mpaka lilime likhazikike. Sindinawatsutse, chifukwa Ayuda nawonso ndi mmene akhala akuphunzitsira ana awo.

Wofuna zomvera achenjere ndi chinthu chimodzi. Maphunziro ambiri a Chiheberi ojambulidwa mawu, monga a Pimsleur, ndi a Chiheberi cha lero cha ku Israel. Adzakuphunzitsani kupereka moni, kufunsa mtengo ndi kuitanitsa khofi ku Tel Aviv. Chinenero chimenechi chili ndi mbiri yakeyake yodabwitsa: kwa zaka mazana ambiri Chiheberi chinali cha mapemphero ndi mabuku, osati cha kukhitchini, mpaka anthu monga Eliezer Ben-Yehuda, amene anafika ku Jerusalem mu 1881, analimbikira kuchilankhula m'nyumba ndi kulera nacho ana. Iye anamwalira mu 1922, chaka chomwe chija Buku Lopatulika linatuluka. Mawu ambiri ndi omwewo, zilembo ndi zomwezo, koma kayendedwe ka aneni m'nkhani za m'Baibulo n'kosiyana ndi ka m'misewu ya lero. Amene cholinga chake ndi Genesis ataya nthawi akayamba ndi khofi.

Zinthu zinayamba kuyenda pamene ndinafika pa aneni, pomwe ambiri amagwera mphwayi. Mawu ambiri a Chiheberi amamera pa tsinde la zilembo zitatu, ndipo mneni amasinthidwa m'njira zisanu ndi ziwiri zazikulu, zimene maina ake ndi Qal, Nifal, Piel, Pual, Hifil, Hofal ndi Hitpael. Mabuku a Chingerezi amathera masamba ambiri kufotokoza kuti mneni mmodzi angathe bwanji kunena za wochita, wochitidwa, wochititsa ndi wodzichita, pakuti Chingerezi chimafuna mawu atatu kapena anayi pa chilichonse cha zimenezi. Mwa mwambo wa magalamala, mneni wa chitsanzo ndi wa kupha, ndiye wophunzira Chiheberi amapha anthu ambiri pa pepala asanawerenge ndime imodzi ya mtendere. Ndinatenga kope n'kulemba m'mbali mwa tebulo la aneni lija: kupha, kuphedwa, kuphetsa, kuphetsedwa, kudzipha, kuphana. Ndinangoti kakasi. Imeneyi ndi misintho ya mneni imene ndinaphunzitsa ana kwa zaka zambiri pa bolodi. Hifil ndi kudyetsa pamene Qal ndi kudya. Hofal ndi kudyetsedwa. Nifal nthawi zina ndi kuthyoledwa, nthawi zina ndi kuthyoka, kusiyana kumene mwana wa Grade 3 amakudziwa koma Mngerezi amakufotokoza ndi thukuta. Piel ndi yoterera, akatswiri okhaokha amatsutsana za iyo, koma pamene ikunena za kuchita mwamphamvu tili nazo kale kumenyetsa ndi kuthyolathyola.

Nditaona zimenezo ndinayamba kufunsa funso lina pa phunziro lililonse: kodi ife timanena bwanji? Chiheberi chimamata mwini wa chinthu kumapeto kwa dzina, ndipo buku limachitcha pronominal suffix. Ife tili ndi mwananga, mkazake, mnzathu. Chiheberi chikafuna kutsindika chimaika mneni kawiri, woyamba wosasinthidwa, wachiwiri wosinthidwa. Ife timati kudya ndadya, kumva wamva ndithu. Ndipo pali kalembo kamodzi, vav, kamene kamamatidwa kutsogolo kwa mneni pofotokoza zochitika motsatana. Magalamala amakapatsa maina oopsa ndi malamulo ozunguza mutu. Koma mverani agogo akusimba nthano: anadzuka, natenga khasu, napita kudimba, napeza nyani ali m'chimanga. Na- ameneyu ndiye ntchito yake yomweyo, kunyamula nkhani kuchoka pa chochitika china kupita pa china. Apa ndinamvetsanso kumene kunachokera "ndipo" wosatha uja amene amayamba ndime zambirimbiri za Buku Lopatulika. Ndi vav amene omasulira sanafune kumutaya ngakhale pamodzi.

Sindikunena kuti zinenero ziwirizi ndi pachibale. Si pachibale, ndipo amene amalalikira kuti Achewa kapena Angoni ndi fuko lotayika la Israyeli chifukwa cha mawu awiri omveka mofanana akungosangalatsa anthu. Pali malo amene Chinyanja chimakusiya wekha. Ife "iye" ndi mwamuna kapena mkazi, pamene Chiheberi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa dzina lililonse, pa mneni, ngakhale pa "iwe". Ife munthu wamkulu mmodzi timamutchula "inu". Mheberi amalankhula ndi mfumu, ngakhale ndi Mulungu, ndi "iwe" wa munthu mmodzi, ulemu n'kuuika m'mawu ena monga kudzitcha kapolo. Kwa munthu woleredwa kuno zimenezi zimachititsa kaye manyazi pakamwa. Komabe pa zinthu zikuluzikulu zimene zimagwetsa ophunzira, Mnyanja amayamba ali kale patsogolo, ndipo buku la Chingerezi silimuuza, chifukwa wolemba wake sankadziwa.

Si ine woyamba kuona kuti khutu lathu lili ndi chuma pa nkhani imeneyi. Ernst Wendland, amene waphunzitsa kwa zaka zambiri ku seminale ya Lutheran ku Lusaka ndipo anagwira nawo ntchito ya Buku Loyera la 1998, anayamba ndi kufufuza nthano za pa wailesi za Julius Chongo, zija za Poceza M'madzulo zimene akuluakulu a kuno amazikumbukira, ndipo pambuyo pake analemba za mmene Salimo 22 lingamvekere m'kalembedwe ka ndakatulo za Chichewa. Chipangano Chakale chinalembedwera anthu omvera, osati owerenga chamumtima. Kubwereza mawu, kufulumira pa zochitika n'kuima pa zokambirana, kusunga dzina la munthu mpaka nthawi yake itakwana, zonsezi amene tinakula tikumvera nthano timazidziwa m'thupi.

Buku loyamba limene ndinawerenga lonse ndi la Yona, la ndime 48 zokha, kenako la Rute, la ndime 85. Rute ndinamuwerenga mu 2024, chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse kumapeto kwa February. Chimanga chinapserera chisanabereke, madzi anatsika ku Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo foni ndinkaitchaja pa kasola kuti Shmuelof asandithawe. Nkhaniyo imayamba ndi njala, banja n'kuwoloka malire kukafuna chakudya kudziko la eni. Munthu wa ku Chipata safuna mtanthauziramawu kuti amve zimenezo. Tawaona anthu akudutsa pa Mwami kapena m'tinjira ta m'tchire ndi matumba opanda kanthu, chaka china akuchokera uko, chaka china akuchokera kuno. Mkazi wamasiye akupempha kukunkha m'munda wa mwini chuma pambuyo pa okolola. Mwini munda, Boazi, akuuza anyamata ake kuti asamuvute, mawu amene amakuuzani okha zimene zimachitikira mkazi wosauka m'munda wa eni. Mlandu wa munda ndi wa mkazi ukukambidwa pa chipata cha mudzi pamaso pa akulu 10. Galamala inali ndi mawu ake pa zonsezi, koma ine ndinkaona bwalo la kwa amfumu.

Powerenga pang'onopang'ono chonchi, liwu ndi liwu, umaona zimene maso othamanga amadumpha. Koma kufanana kwa miyambo kumanyenganso. N'kosavuta kunena kuti Boazi analowa chokolo basi, nkhani yatha. Boazi sanali mchimwene wa malemu; anali wachibale wapatali, panali wina wapafupi kuposa iye, ndipo nkhani ya munda inalukana ndi ya ukwati m'njira imene si yathu. Ndiponso "mwambo wathu" ndi uti? M'boma lino tili ndi Angoni a Mpezeni, kumene mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ana n'kukhala a bambo, ndipo tili ndi Achewa a Gawa Undi, kumene mwa mwambo mkamwini ndiye amapita kwa mkazi, ana n'kuyang'ana kwa atsibweni. Mngoni akawerenga za mpongozi wotsatira apongozi ake kumudzi kwa mwamuna wake wakufa amamva china. Mchewa wa chikamwini amafunsa kuti nanga abale ake a Rute anali kuti. Israyeli anali wa mzere wa bambo, ndiye pamenepa Mngoni ali pafupi, koma funso la Mchewa ndi limene limaonetsa kukula kwa chimene Rute anasiya. Mudzi umakupatsa mafunso abwino. Mayankho uyenera kuwafunabe m'zilembo zija.

Kuphunzira wekha kuli ndi malire ake, ndipo atelala aja sananame. Weingreen amapereka ziganizo zoti umasulire, zina kuchokera ku Chingerezi kupita ku Chiheberi, koma kumbuyo kwa buku kulibe mayankho. Ukalakwitsa palibe cholembera chofiira. Cholakwacho umachibwereza mpaka chizolowereke. Pali aneni ena ofooka amene chilembo chimodzi cha tsinde chimasowa akasinthidwa, nthawi zina ziwiri, ndipo mtanthauziramawu wamkulu wa Brown, Driver ndi Briggs wa 1906 anasanja mawu potsata matsinde. Ngati sukudziwa chilembo chimene chathawa, ukhoza kutha masana onse ukutembenuza masamba pa liwu limodzi limene mphunzitsi akanakuuza asanakhale n'komwe pansi. Masiku ano pali mapulogalamu a pa foni amene ukangogwira liwu amakuuza zonse. Ndi othandiza ukakanirira, koma amene amagwira liwu lililonse sakuwerenga. Foni ndiyo ikuwerenga.

Za alaliki aja ndapeza izi. Zambiri zimene zimatchedwa "Chiheberi choyambirira" pa guwa zimachokera ku buku la James Strong la 1890, limene linapatsa liwu lililonse la Chiheberi ndi Chiaramu nambala, kuyambira 1 mpaka 8674, n'kundandalika mawu onse a Chingerezi amene Baibulo la King James linagwiritsa ntchito polimasulira. Munthu amene sadziwa ngakhale chilembo chimodzi amatha kutsegula nambala, n'kuona matanthauzo asanu ndi awiri, n'kusankhapo lokoma kwambiri pa ulaliki wa tsikulo. Koma liwu silinyamula matanthauzo ake onse paliponse pamene lili. Chiganizo ndicho chimasankha. Ndikaika Chiheberi pambali pa Buku Lopatulika, chimene ndimaona n'chakuti omasulira a 1922 anamamatira ku Chiheberi kwambiri, mwina mopitirira, mpaka Chinyanja chake chimayenda mokakamizika m'malo ena. Buku Loyera linatenga njira ina, ya kumveketsa tanthauzo m'Chichewa choyenda bwino, ndipo potero nthawi zina limasankhira wowerenga chimodzi pamene Chiheberi chinasiya ziwiri. Akatolika ali ndi Malembo Oyera a 1966. Gogo amene angaike awiri mwa mabaibulo amenewa pamphasa n'kuwerenga ndime imodzi m'onse awiri ali pafupi ndi Chiheberi kuposa mlaliki wa manambala a Strong. Pamene awiriwo asiyana, m'pamene pali funso lenileni, ndipo kawirikawiri ndi funso limene akatswiri nawonso sanalithetse.

Zinthu zapepukako kwa oyamba lero. Kuchokera mu 2020 pa YouTube pali maphunziro aulere a Aleph with Beth, a Bethany ndi Andrew Case, amene amaphunzitsa Chiheberi cha m'Baibulo m'Chiheberi momwemo, popanda liwu la Chingerezi. Mayiyo amanyamula kapu, mwala, kachidole ka hatchi, n'kumatchula, n'kumafunsa, n'kumayankha. Amalola kuti anthu awakopere ndi kugawana, ndiye mmodzi akapeza intaneti yabwino m'tauni, ena onse amatengera pa memory card. Adzukulu anga amene ankangodutsa pakhonde anatola mawu angapo osafuna n'komwe, ndipo l ndi r sawavutitsa monga mmene amavutitsira ine. Tsopano timakumana anthu ochepa Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi: mlaliki wachinyamata, mayi wina wa Chigwirizano amene anali namwino, ndi ine. Wina amawerenga mokweza, ena amamugwira akaphonya. Mayiwo ndi amene ali ndi khutu lakuthwa. "Akulu, mwaikanso ka u kumapeto," amatero osakweza n'komwe maso. Amene mukufuna kuyamba, yambani ndi khutu ndi zilembo pamodzi, mupeze mnzanu ngakhale mmodzi, muwerenge Yona ndi Rute musanayerekeze Yobu kapena Yesaya, ndipo papite nthawi yaitali musanatchule liwu la Chiheberi pa guwa.

Koma mavidiyo safotokoza chifukwa chake, ndipo munthu wamkulu amafika pofuna kudziwa chifukwa chake. Mabuku onse ofotokoza amene ndagwirapo ndi a Chingerezi. Pempho langa likupita kwa inu amene munaphunzira Chiheberi mokwanira ndipo Chinyanja munayamwira, inu ophunzitsa ku Justo Mwale, ku sukulu ya ubusa ya ku Zomba, ku Nkhoma, ku Kachebere, ndi inu omasulira a mabungwe a Baibulo a maiko awiriwa. Tilembereni kabuku koyambira Chiheberi m'chinenero chathu. Hifil muifotokoze ndi kudyetsa, vav muifotokoze ndi nthano ya agogo, mutichenjeze za lamed ndi resh pa tsamba loyamba, muike mayankho kumbuyo, ndipo mujambule mawu ake kuti alowe pa foni ya mabatani. Mulembe moti mkulu wa mpingo wa ku Chadiza kapena wa ku Mchinji amene analekezera Grade 7 kapena Standard 8 athe kutsatira, ndipo mtengo wake usapose wa nkhuku imodzi.